Mpeni Ubwere Pomaliza: Luso Loyala Chipepala m'Dziwe Losambiramo

M'madera ozizira a ku United States ndi Canada, monga Ohio, Pennsylvania, New York ndi Ontario, maiwe ambiri osambiramo amene anthu ali nawo kuseri kwa nyumba zawo si a konkire ayi. Chimene chimasunga madzi m'menemo ndi chipepala cha pulasitiki ya mtundu wa vinyl, chopyapyala kwambiri moti kukhuthala kwake ndi theka la milimita kapena kuposerapo pang'ono. Ogulitsa amachiyeza ndi muyezo wa kwawo wotchedwa mil. Chipepala cha 20 mil ndicho cha theka la milimita, pomwe cha 27 kapena 28 mil chimayandikira mamilimita 0.7. Dziwe lofala kumeneko ndi la mafiti 16 m'lifupi ndi mafiti 32 m'litali, kutanthauza pafupifupi mamita 5 kwa 10, ndipo m'dziwe lotere mumalowa malita ngati 75,000. Poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti matani 75 atsamira pa chinthu chimene mwana akhoza kuchiboola ndi msomali. Komabe chikayalidwa bwino chimatha zaka khumi osadontha.

Chinsinsi chake n'chakuti chipepalacho sichisenza kalikonse. Ntchito yake ndi kutsekereza madzi basi, ndipo kulemera konse chimakupatsira ku makoma ndi ku nthaka ya pansi pake. Paliponse pamene chagona bwino pa chochichirikiza, chili pamtendere. Koma pamene chalendewera, kaya pa ngodya yomwe sichinafike, kaya pamwamba pa kamwala kamene wina sanasese, chimayamba kusenza katundu amene si wake, ndipo pamenepo mpomwe chidzang'ambikire tsiku lina. N'chifukwa chake ntchitoyi imandisangalatsa kwambiri. Ndi ntchito imene sifuna nyonga zambiri, koma imafuna munthu wodziwa chimene chiyenera kuyamba ndi chimene chiyenera kudikira.

Pulasitiki imeneyi sinali yofewa chonchi pachiyambi. Vinyl, imene dzina lake lina ndi PVC, inali youma ndi yosachedwa kuthetheka, mpaka m'chaka cha 1926 pamene Waldo Semon, katswiri wa kampani ya B.F. Goodrich mumzinda wa Akron ku Ohio, anapeza njira yoifewetsera poisakaniza ndi mankhwala ena. Kufewa kumeneku ndiko kunaikondetsa m'madera a chisanu. Kumeneko nthaka imauma gwaa m'nyengo yozizira, n'kufufuma, kenako n'kuphwa chisanu chikasungunuka. Chinthu chouma chimachita ming'alu nthaka ikamasuntha motero, koma chofewa chimangotsatira. Mtengo wake nawonso ndi wocheperako poyerekeza ndi dziwe la konkire. Motero makampani anayamba kugulitsa katundu yense pamodzi: zipupa zachitsulo, mabawuti, mapaipi, pampu, sefa ndi chipepala chodulidwa kale. Mwininyumba wolimba mtima amatha kumanga yekha mothandizidwa ndi abale ndi anansi.

Asanakumbe amayamba waimba foni pa nambala 811, imene ku United States konse ndi yoitanira anthu odzaika zizindikiro pamene padutsa mawaya a magetsi, mapaipi a gasi ndi a madzi. Dzenje likakumbidwa, amaimika zipupa zija mozungulira. Nthawi zambiri zimakhala mainchesi 42 kutalika kwake, kupitirira mita imodzi pang'ono. Amazilumikiza ndi mabawuti, kuziika michirikizo kumbuyo, n'kuthira konkire m'munsi mwake kunja kwa dziwe kuti zisasunthe. Apa mmisiri wabwino amataya nthawi yaitali ali ndi levulo m'manja, kukweza apa, kutsitsa apo, mpaka m'mphepete monse mufanane. Amavutikira mamilimita ochepa chabe, ndipo chifukwa chake chimaoneka madzi akadzaza. Zipepala zambiri zimasindikizidwa mzere wa maluwa kapena wa timatailosi kumtunda kwake. Madzi sakondera, amagona molingana nthawi zonse. Ngati chipupa china chatsika pang'ono, mzere wa madzi umadutsa maluwa aja mopendekeka, ndipo aliyense wokhala pakhonde amaona kuti womangayo anafulumira.

Pansi pa dziwe ndi pamene pali mtima wa ntchitoyi. Ambiri amayalapo vermiculite wosakaniza ndi simenti, kukhuthala kwake pafupifupi masentimita 5. Vermiculite ndi mwala wa timapepalatimapepala umene ukatenthedwa kwambiri umafufuma n'kukhala wopepuka. Umodzi mwa migodi yaikulu padziko lonse imene imatulutsa mwalawu uli ku Phalaborwa m'dziko la South Africa. Ukasakanizidwa ndi simenti umauma molimba koma osati mwankhanza. Phazi la wosambira limamva kufewa pang'ono, ndipo madzi a m'nthaka amatha kudutsamo osaung'amba. Ena amagwiritsa ntchito mchenga ndi simenti, zomwe ndi zotsika mtengo koma zouma kwambiri ku phazi.

Taonani munthu amene akusalaza. Wagwada kumunsi kwenikweni kwa dzenje, kumene kudzakhale kozama mamita awiri ndi theka. Zingwe zamangidwa kuchokera ku zipupa kufika ku zikhomo, kusonyeza pamene mtsetse uliwonse uyambire ndi pamene uthere. Mnzake akumutsitsira matope aja ndi ndowa. M'dzanja muli chitsulo chosalazira chimene nsonga zake zonse ndi zozungulira, kuti chisasiye mizere pokhota. Amaponya matope pa mtsetse, kuwakankhira kumtunda, kubwerera nawo, n'kudutsanso kachitatu mopepuka chitsulo chitapendekeka pang'ono. Amagwira ntchito chobwerera m'mbuyo, kuchokera kozama kupita kosazama, kuti asapondenso pamene wamaliza. Aliyense amene anaonapo mayi akuzira m'nyumba akhoza kuzindikira kayendedwe ka dzanja limeneli: kuyambira kuchipinda, kutsirizira pakhomo, osasiya phazi ngakhale limodzi.

Pakauma, mmisiri wosamala amabwerera madzulo kutada ali ndi tochi. Saunikira kuchokera pamwamba. Amaigoneka pansi kuti kuwala kuyende chokwawa, ndipo pamenepo kachitunda kalikonse kamaonetsa mthunzi wautali, kadzenje kalikonse kamada bii. Amapala apa, kumata apo. Amachita zimenezi chifukwa akudziwa kuti dziweli lidzakhala ndi getsi la m'madzi, lomwe lidzaunike chimodzimodzi usiku uliwonse kwa zaka khumi. Chipepala cha theka la milimita sichibisa kanthu. Madzi akachipanikiza, chimatenga maonekedwe a chilichonse chimene chili pansi pake, ngakhale chidindo cha chala. Akatero amamata tepi yolimba pa malo onse olumikizira zipupa, kupala dzimbiri ngati lilipo, n'kusesa kawiri kapena katatu. Kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira n'kokwanira kudzabaya chidendene cha wosambira ndi kudya chipepala pang'onopang'ono.

Chipepalacho chimakhala chitadulidwa kale ku fakitale potsata miyezo imene mwinidziwe anatumiza. Dziwe la ngodya zinayi ndi losavuta kuyeza: m'litali, m'lifupi, kuzama, ndi zingwe ziwiri zopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina, zomwe ziyenera kufanana ngati ngodyazo zili zoongoka. Koma dziwe lokhotakhota limafuna nzeru ina. Amakhoma zikhomo ziwiri kunja kwa dziwe, china A china B, n'kulemba mtunda wa pakati pake. Kenako amaika timadontho ta manambala m'mphepete monse mwa dziwe, ndipo kadontho kalikonse amakayeza kawiri, kuchokera pa A ndi kuchokera pa B. Miyezo iwiri imeneyi ndi yokwanira kuloza malo amodzi okha. Ku fakitale kompyuta imajambulanso dziwe lonse kuchokera pa manambalawo, makina n'kudula zidutswa, ndipo zidutswazo amazilumikiza ndi mphamvu ya mafunde a wailesi imene imasungunula pulasitiki kuti ziwiri zikhale chimodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti amachidula mochepa pang'ono mwadala kuposa dziwe lenilenilo. Chiyenera kutanuka kuti chifike, pakuti chikakhala chachikulu chimasiya makwinya amene palibe angawachotse. Nambala imodzi yolakwika papepala la miyezo imabweretsa chipepala chimene sichingalowe m'dziwe lina lililonse padziko.

Tsiku loyala salisankha poyang'ana kalendala, amalisankha poyang'ana kumwamba. Pamafunika dzuwa ndi kutentha kwa madigiri 21 kapena kuposerapo, popanda mphepo yamphamvu. Kukazizira vinyl imauma khosi ndipo sifika m'ngodya. Kukatentha mopitirira imalobodoka n'kutanuka kwambiri. Dzuwa ndilo chida choyamba cha mmisiri, ndipo chida chimenechi sachilamula, amachidikira.

Bokosi la chipepalacho limalemera moti munthu mmodzi sangalinyamule, ndipo salitsegula ndi mpeni. Mutu umodzi susenza denga: pamafunika anthu atatu kapena anayi. Onse olowa m'dzenje amavula nsapato n'kutsala ndi sokosi kapena mapazi okha, atapukuta mchenga. Makiyi ndi zolembera amazichotsa m'matumba. Pachipepala pamakhala zizindikiro zosonyeza mbali ya kozama ndi ya kosazama. Amachitambasula pang'onopang'ono, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, akuchikweza m'mwamba kuti chisakhule pansi, nthawi zina akuchikupiza kuti mpweya ulowe pansi pake chiyandame.

Kumtunda kwa chipepala kuli mpendero wokhuthala, ndipo m'mphepete mwa zipupa muli kangalande kopapatiza ka aluminiyamu kapena pulasitiki. Mpenderowo amaukankhira m'kangalandemo ndi zala, ndipo ukalowa umakola wokha. Wosadziwa amayamba pamalo amodzi n'kumangozungulira, ndipo pofika kumapeto amapeza kuti chipepala chatsala chambiri kapena chaperewera. Wodziwa amayamba ndi ngodya zinayi, kukoleka pang'ono pa iliyonse, kenako pakati pa chipupa chilichonse, kenako n'kumadzaza mipata. Motero kutanuka kumagawanika mofanana kuzungulira dziwe lonse. Amaima chapatali, kuyang'ana ngati misoko ya pansi ikuyenda molunjika ndi m'munsi mwa zipupa. Ikakhota, amamasula mpendero, kusuntha masentimita awiri, n'kukolekanso.

Tsopano chipepala chikulendewera ngati chosapanga kanthu, chotuwa ndi makwinya, kutali ndi ngodya zonse. Apa mpomwe chida chachiwiri chimalowa, ndicho mpweya. Amamasula kampata kakang'ono pa mpendero n'kutsitsa paipi ya makina oyamwa mpweya kuseri kwa chipepala, mpaka nsonga yake itsale masentimita ochepa kuti ikhudze pansi. Amamata tepi mozungulira paipiyo, n'kutseka mabowo onse a mapaipi ndi bokosi la m'khoma lomwe limameza zinyalala zoyandama. Akayatsa makinawo, poyamba sipaoneka kanthu. Pakapita mphindi zingapo chipepala chimayamba kunjenjemera, kenako kuyenda chokha. Chimatsamira zipupa, kutsikira m'mitsetse, kulowa m'ngodya, mpaka maonekedwe onse a dziwe atulukira ngati kuti madzi alimo kale. Mpweya wotizungulirawu umapanikiza chinthu chilichonse ndi mphamvu ya matani pafupifupi 10 pa sikweya mita imodzi. Makinawo amangochotsa kachigawo kochepa ka mpweya wa kuseri, ndipo mpweya wa kutsogolo umagwira ntchito yotsalayo.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imalola munthu kuona mapeto ntchito isanathe, nthawi yokonza ikadalipo. Khwinya likaoneka pansi, wa sokosi uja amaimirira pafupi n'kumalikankhira ku chipupa ndi phazi, pang'onopang'ono, kuchokera pakati kupita kunja. Ena amagwiritsa ntchito tsache lofewa. Makwinya akachokera pa ngodya imodzi n'kumwazikana, ndiye kuti chipepala chapotoka. Zikatero palibe chidule. Amazimitsa makina, mpweya ubwerere, amasuntha, n'kuyatsanso. Akhoza kutero kangapo, dzuwa likupendeka, anzake atatopa ndipo akufuna kuona madzi. Mmisiri weniweni amadziwika pa ola limeneli. Amadziwa kuti khwinya limene phazi lingalisunthe tsopano, madzi akafika m'mawondo silidzasunthikanso, poti mita iliyonse ya madzi imapondereza ndi tani yathunthu pa sikweya mita.

Chida chachitatu ndi madziwo. Amawalowetsa kozama, mofatsa, makina oyamwa mpweya akulirabe. Sawazimitsa mpaka madzi atakwera n'kuphimba mbali yosazama ndi masentimita 15 kapena kuposa, ngakhale zitatanthauza kuti alira usiku wonse. Akazimitsidwa msanga chipepala chimabwerera m'mbuyo, ndipo ntchito ya tsiku lonse imapita pachabe. Pamene madzi afika poti akhoza kuchigwira okha, amasolola paipi ija mosamala n'kutseka kampata ka mpendero.

Nanga mpeni? Mpaka pano chipepala n'chathunthu, chilibe bowo ngakhale limodzi, ngakhale kuti kuseri kwake kuli makomo ambiri amene ayenera kutseguka: otulutsira madzi pansi, obwezera madzi kuchokera ku sefa, la getsi, ndi la zinyalala zoyandama. Lamulo lake ndi limodzi: usadule pamalo pamene madzi sanayandikire. Madzi akamakwera, chipepala chimatanuka n'kutsikira pansi pang'ono. Bowo lodulidwa m'mawa likhoza kupezeka madzulo litasuntha, litang'ambika m'mphepete, ndipo palibe guluu amene angalibwezere pamalo pake.

Makomo a pansi ndiwo amayamba, madzi akangokwana kupanikiza chipepala kozama kuja. Munthu amagwada m'madzi ozizira, manja ali pansi, maso osathandiza kwenikweni. Amapapasa ndi nsonga za zala mpaka atamva timaenje ta masikuluwu kuseri kwa pulasitiki. Amaika gasiketi, kusanjikapo mkombero, kuboola kabowo kamodzi n'kulowetsa sikuluwu yoyamba, kenako ya mbali yoyang'anana nayo, osati yoyandikana. Amamanga ndi dzanja, osati ndi makina, chifukwa dzanja limamva pamene pulasitiki yakwana ndipo yatsala pang'ono kuthetheka. Masikuluwu onse akalimba, chipepala chitapanidwa pakati pa magasiketi awiri, ndi pamene amatenga lezala n'kudula m'kati mwa mkomberomo. Amamanga kaye, kudula pambuyo. Pomaliza amavindikira ndi chivindikiro chovomerezeka. Ku United States zivindikirozi zimatsata lamulo la m'chaka cha 2007 lotchedwa Virginia Graeme Baker Pool and Spa Safety Act, limene linatenga dzina la mtsikana wa zaka 7 amene anamwalira mu 2002 atakanirira pa khomo loyamwa madzi. N'chifukwa chake maiwe atsopano amakhala ndi makomo awiri apansi otalikirana mafiti osachepera atatu, kuti thupi la munthu likatseka limodzi, linalo lichepetse mphamvu yoyamwa.

Makomo a m'zipupa amadikira kuti madzi afike masentimita ochepa pansi pa lililonse. Kudikira kumeneku kumatha tsiku limodzi kapena awiri ngati madzi akuchokera pa mpopi wa pakhomo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amakhala ndi lezala m'thumba la zida, khomo akuliona bwinobwino kuseri kwa pulasitiki, koma sakhudza. Madzi akafika, amachita monga anachitira pansi paja: gasiketi, kafelemu, masikuluwu mopingasa, kenako lezala. Khomo la zinyalala zoyandama, lomwe lili pamwamba pa onse, ndilo lomaliza.

Ntchito yoyala ikatha, imayamba yosunga. Madzi ayenera kukhala ndi pH ya pakati pa 7.2 ndi 7.8. Akawawasa kwa nthawi yaitali, vinyl imamwa madzi n'kufufuma, ndipo makwinya amatuluka pamene panali posalala. Mapiritsi a chlorine saponyedwa mwachindunji m'dziwe, chifukwa akagona pansi amasiya banga loyera ndi kuumitsa pulasitiki pamenepo. Dziwe lotere salikhuthula lonse, poti chipepala chakale chikasowa madzi chimafota ndipo sichibwereranso m'ngodya. Mvula ikagwa yambiri, madzi a m'nthaka amatha kukwera n'kuchinyamula kuchokera pansi, motero womanga woganiza patali amasiya chitsime chaching'ono m'mbali chopoperamo madziwo. Zitsulo zonse za dziwe amazilumikiza ndi waya wa kopa kuti wosambira asagwidwe ndi magetsi, ndipo ntchito imeneyi ngakhale womanga yekha amaitanira katswiri wa magetsi. M'madera ambiri lamulo limafunanso mpanda wosachepera mita 1.2 wokhala ndi chitseko chodzitseka chokha, chifukwa mwana wamng'ono amamira mwakachetechete.

Ambiri a ife sitidzamanga dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba. Koma zipepala zakuda zoyala m'maiwe a nsomba ndi m'madamu osungira madzi othirira zafika kale m'minda ya ku Malawi ndi ku Zambia, makamaka kumene dothi ndi lamchenga ndipo silisunga madzi. Pulasitiki yake ndi ina, yolimbirapo, koma malamulo ake ndi omwewa. Pansi payenera kusalala, mizu ndi miyala zichoke, nsapato zivulidwe, chipepala chigone paliponse osalendewera, ndipo m'mphepete mukwiriridwe madzi atachikhazika kale pansi. Mlimi amene wagula chipepala ndi ndalama za chaka chonse ali ndi chifukwa chachikulu chotsatira dongosolo limeneli kuposa mwinidziwe wa ku Ohio.

Ine ndimaiyesa ntchitoyi luso lenileni chifukwa mbali yake yaikulu siidzaonekanso ndi maso madzi akadzaza, koma imamveka ku phazi la wosambira aliyense ndipo imaoneka pa kutalika kwa moyo wa chipepalacho. Inu amene mudzayale chipepala, kaya cha dziwe losambiramo kaya cha nsomba, musawerengere masiku amene mwataya posalaza ndi posesa. Dikirani dzuwa, chotsani khwinya lililonse madzi asanaligwire, ndipo musatulutse mpeni madzi asanafike pamalo pamene mukufuna kudula.